Nyimbo zimene zimavinidwa zisanatuluke: Macheso ndi omutsatira a m'mafamu a ku Mashonaland

HARARE – M'mwezi wa Juni 2020, pamene malo azisangalalo m'dziko la Zimbabwe anali otseka chifukwa cha mliri wa Covid-19, katswiri wa nyimbo za sungura Alick Macheso anatulutsa nyimbo imodzi yotchedwa Zuro Ndizuro, dzina la Chishona limene likutanthauza kuti dzulo ndi dzulo. Kwa oimba achinyamata, kutulutsa nyimbo imodzi payokha si nkhani. Koma Macheso anali atadziwika kwa zaka zoposa 20 monga munthu wa zimbale, ndipo omutsatira anailandira nyimboyo mosiyanasiyana. Ena anathokoza kuti wawakumbukira pa nthawi yovuta. Ena anaona ngati awalawitsa ndiwo popanda nsima, ndipo funso lawo linali lakuti chimbale chonse chibwera liti.

Kuti munthu amvetse kusiyana maganizo kumeneku, ayenera kudziwa kaye njira imene nyimbo ya sungura imadutsa isanafike pa wailesi, komanso anthu amene akhala akuiweruza. Ambiri mwa anthuwa ali ndi mizu m'mafamu akuluakulu ndi m'migodi ya m'zigawo zitatu za Mashonaland, kumene Chichewa chakhala chikulankhulidwa kwa mibadwo ingapo.

Nyimbo za ku komboni

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ambiri a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete ankapita ku Southern Rhodesia kukafuna ntchito. Ena ankayenda wapansi, ena ankakwera malole a ulere, ndipo pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ena ambiri anapita kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito limene kumudzi ankalitcha Mthandizi. Ankakathera m'minda ya fodya ndi chimanga ya ku Mvurwi, Centenary, Banket, Karoi ndi Marondera, m'minda ya malalanje ya ku Mazowe, kapena m'migodi ya ku Shamva ndi Bindura. Ochuluka sanabwerere. Kwawo anatchedwa matchona, pamene kumene anakhazikikako anawapatsa mayina onyoza monga mabhurandaya, kuchokera ku dzina la mzinda wa Blantyre.

Anthuwa ankakhala m'makomboni, midzi ya antchito yomangidwa pa malo a mwini famu. M'menemo Chichewa, Chiyao, Chisena ndi Chishona zinkamveka pa bwalo limodzi. Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ankatuluka pa maliro ndi pa masiku opuma. Kumapeto kwa mwezi, antchito akalandira malipiro, malo omwera mowa a pafamu ankadzaza, ndipo anyamata odziwa gitala ankapeza omvera awo oyamba.

Dzina lakuti sungura linachokera ku East Africa. M'Chiswahili mawuwa amatanthauza kalulu, ndipo anali chizindikiro cholembedwa pa malekodi a ku Kenya amene anafika m'Zimbabwe. Oimba a m'dzikoli anatenga kaimbidwe ka benga ndi rumba ka m'malekodiwo n'kukasakaniza ndi magule akwawo. Mndandanda wa amene anakulitsa chambachi uli ndi ana ambiri a anthu obwera. John Chibadura anabadwira ku Bindura kwa makolo ochokera ku Mozambique. Nicholas Zakaria, amene anatsogolera gulu la Khiama Boys, anabadwa mu 1956 ku Mazowe m'banja lochokera ku Malawi. Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke anakulira m'mafamu ndipo anatchukira ku Marondera. Mayina a nyimbo zawo zina, monga Zomvelamvela ya Zakaria ndi Tsaona ya Pengaudzoke, safuna womasulira kwa munthu wa ku Lilongwe, Chipata kapena Angónia.

Macheso anabadwa pa 10 Juni 1968 ndipo anakulira m'mafamu a ku Shamva, m'chigawo cha Mashonaland Central, m'banja la mizu ya ku Malawi. Analowa mumzinda wa Harare ali mnyamata, naimba m'gulu la Vhuka Boys, kenaka kwa zaka zambiri m'gulu la Khiama Boys pansi pa Zakaria. Atayambitsa gulu lakelake la Orchestra Mberikwazvo anatulutsa Magariro mu 1998, Vakiridzo mu 1999, ndi Simbaradzo mu 2000, chimbale chimene chinamufikitsa m'nyumba iliyonse yokhala ndi wailesi ya kaseti.

Mmene nyimbo imapsera

Nyimbo ya sungura si yaifupi. Zambiri za Macheso zimatenga mphindi zisanu ndi zitatu, khumi, nthawi zina kuposerapo, ndipo chimbale chake kawirikawiri chimakhala ndi nyimbo zisanu ndi imodzi. Gawo loyamba limanyamula uthenga: malangizo a m'banja, madandaulo a wosauka, nsanje ya pachibale, pemphero. Kenaka mawu amachepa, ng'oma zimafulumira, magitala amayamba kuyankhizana, ndipo nyimbo imasanduka ya miyendo. Apa m'pamene Macheso anasiyana ndi anzake. Gitala ya besi, imene m'magulu ambiri imangogwirizira kumbuyo, iye anaibweretsa kutsogolo n'kumaiimba ngati ndiyo ikutsogolera, uku akuimbanso ndi pakamwa. Anthu anam'patsa dzina lakuti Extrabasso chifukwa cha zimenezi.

Gawo lachiwirili silingapsere m'chipinda chojambulira. Limafuna anthu. N'chifukwa chake Macheso, monga oimba ena a sungura, wakhala ndi chizolowezi choimba nyimbo zatsopano pa zoimbaimba zake miyezi yambiri, mwina zaka, asanazijambule. Nyuzipepala za ku Harare zakhala zikulemba za chizolowezichi nthawi iliyonse chimbale chikayandikira. Pakati pa usiku, nyimbo zodziwika zitatenthetsa bwalo, gulu limaponya nyimbo yachilendo. Woimba amayang'ana. Ngati anthu apita kukagula chakumwa kapena ayamba kucheza, ndiye kuti pali chimene chikusowa. Ngati ovina athamangira kutsogolo, mbali imeneyo imatalikitsidwa sabata yotsatira. Mawu ena amachotsedwa, kaimbidwe ka gitala kamasinthidwa, liwiro limawonjezedwa kapena kuchepetsedwa.

Zoimbaimba zoterezi sizichitikira ku Harare ndi ku Chitungwiza kokha. Magulu a sungura amapeza chakudya chawo pa msewu, ndipo ulendo wawo wa kumapeto kwa sabata umadutsa m'matauni a m'madera a mafamu ndi migodi monga Bindura, Shamva, Glendale, Mvurwi, Chinhoyi, Karoi, Chegutu ndi Marondera. Nyengo yogulitsa fodya, imene imayamba cha mu Malichi kapena Epulo, ndi imene ndalama imayenda kwambiri m'madera amenewa, ndipo okonza zoimbaimba amaidziwa bwino. Choncho munthu wogwira ntchito m'chigafa cha fodya ku Mvurwi akhoza kuimva nyimbo kangapo wolemba nkhani wa mumzinda asanadziwe n'komwe dzina lake.

Kawirikawiri nyimbo yotere imakhala isanapatsidwe dzina lenileni. Omvera amaitchula ndi mawu amene akubwerezedwa kwambiri, kapena ndi gule amene amavinidwa ikafika pakati. Magule a gulu la Macheso, monga Borrowdale, amene amatsanzira kuthamanga kwa mahatchi a mpikisano pa bwalo la dzinalo ku Harare, ndi ena monga Razor Wire ndi Kochekera, anafalikira kwambiri kudzera m'mabwalo momwemo, anthu akuonera ndi kutengera.

Zotsatira zake n'zakuti pa tsiku limene chimbale chikutuluka, anthu ambiri sakumana ndi mlendo. Akumana ndi mwana amene amuona akukwawa. Aliyense ali ndi chikumbukiro cha mmene nyimboyo inkamvekera usiku wina pa bwalo lakwawo, ndipo chojambulidwacho amachiyeza ndi chikumbukiro chimenecho. Madandaulo amene amamveka kawirikawiri pakati pa okonda sungura amachokera pamenepa: kuti nyimbo yazizira poyerekeza ndi ya pabwalo, kuti besi yachepa, kuti mbali yokoma ija yadulidwa, kapena kuti nyimbo imene ankaiyembekezera yasiyidwa. Woimba wa chamba china amaweruzidwa pa chimene watulutsa. Wa sungura amaweruzidwanso pa chimene sanatulutse.

Chaka cha 2000

Chimbale cha Simbaradzo chinali ndi nyimbo yotchedwa Mundikumbuke, yoimbidwa m'Chichewa, yodandaula za mwana wosiyidwa ndi kholo. Nyimboyi inaseweredwa paliponse, m'mabasi, m'mabala ndi pa maukwati, ndipo Ashona ndi Andebele ambiri anailoweza osamva mawu ake onse. Nthawi imene inatulukira ndi yofunika kuiganizira.

M'chaka chomwecho boma linayamba ndondomeko yofulumira yogawanso malo, ndipo mafamu ambiri a azungu, amene analipo oposa 4,000, analandidwa. Zisanachitike izi, antchito a m'mafamu ankayerekezedwa kukhala oposa 300,000, osawerengera mabanja awo. Gawo lalikulu ndithu linali la anthu a mizu ya ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ochepa okha mwa iwo ndi amene analandirako malo. Ambiri anataya ntchito, ena anataya ndi pokhala pomwe, ndipo mosiyana ndi anzawo Achishona, iwo analibe mudzi wa makolo m'dzikolo woti n'kubwererako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene akanatha kuonedwa ngati ali ndi ufulu wa unzika wa dziko lina anayenera kuukana mwalamulo. Anthu zikwizikwi obadwira m'Zimbabwe, amene sanapondepo ku Malawi, anapezeka ali ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo amene kholo lawo linachokera ku dziko la m'bungwe la SADC, ngakhale kuti kupeza zitupa zatsopano kunapitirira kukhala kovuta kwa ambiri.

Pa nthawi imene anthu a m'makomboni ankauzidwa kuti si a pano, mmodzi wa iwo anali woimba wogulitsa kwambiri m'dzikolo, akuimba m'chilankhulo cha agogo awo pa wailesi ya boma. Lamulo la zoulutsa mawu la 2001, limene linalamula kuti magawo 75 pa 100 a zoulutsidwa akhale a m'dziko momwemo, linathandiza kuti sungura imveke kwambiri pa Radio Zimbabwe ndi pa National FM, wailesi imene imaulutsanso m'Chichewa. Sizingakhale zoona kunena kuti otsatira Macheso ndi a m'mafamu okha, chifukwa iye amadzaza mabwalo ku Harare, ku Bulawayo ndi pakati pa Azimbabwe a ku South Africa ndi ku Britain. Koma kwa ana ndi zidzukulu za matchona, pali funso lina limene limabwera chimbale chilichonse chikamatuluka, funso limene womvera wa mumzinda sangaliganizire: kodi muli Chichewa? Ndime imodzi ya chilankhulochi mu nyimbo yatsopano imakhala umboni wakuti mwana wa ku komboni sanaiwale kumene anachokera.

Foni, akuba nyimbo ndi kuchedwa

Chizolowezi choyesera nyimbo pa bwalo chinali chotetezeka m'masiku a kaseti. Munthu ankatuluka pa chipata ndi nyimbo m'mutu mokha. Kampani monga Gramma Records ndi Zimbabwe Music Corporation zinkajambula, kusindikiza ndi kugulitsa, ndipo woimba ankalandira gawo lake. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 2000. Kugwa kwa ndalama ya dzikolo, kumene kunafika pachimake mu 2008, kunafooketsa makampaniwa. Makompyuta okopera ma CD anachuluka, ndipo chimbale chinkapezeka m'misewu ya Harare pa mtengo wotsika tsiku lomwe chatuluka, nthawi zina lisanafike n'komwe. Mafoni a m'manja otha kujambula atafalikira, nyimbo yoimbidwa Loweruka usiku inkatha kukhala m'mafoni a anthu ambiri pofika Lolemba, ikuyenda pa Bluetooth ndi pa timakhadi tosungira nyimbo, ndipo pambuyo pake pa WhatsApp.

Kwa wotsatira wa kufamu, kumene kulibe sitolo yogulitsa zimbale ndipo intaneti ndi yodula, chojambulidwa cha pafoni choterocho ndi chuma. Chimamveka moipa, anthu akukuwa, mphepo ikuwomba, koma ndi nyimbo imene mnzake wa famu yoyandikana alibe. Kwa woimba nkhani ndi ina. Nyimbo ikafala motero imakalamba isanabadwe. Palinso oimba anzake. Macheso wakhala akudandaula poyera za omutsanzira, amene m'Chishona amawatcha vana murondatsimba, kutanthauza olondola mapazi a wina. M'chamba chimene magulu ambiri amaimba mofanana, kaimbidwe ka gitala kamene kamveka pa bwalo kakhoza kupezeka m'chimbale cha munthu wina mwini wake asanalowe mu situdiyo.

Kuchokera mu 1998 mpaka 2001 Macheso ankatulutsa chimbale chaka ndi chaka. Kenaka mpata unayamba kukula: Zvido Zvenyu Kunyanya mu 2003, Vapupuri Pupurai mu 2005, Ndezvashe-eh mu 2007, Zvinoda Kutendwa mu 2010. Imfa ya Tongai Moyo mu Okutobala 2011 inachotsa mpikisano umene unkatenthetsa sungura, pakuti otsatira oimba awiriwa ankakangana ngati ochemerera matimu a mpira. Chimbale cha Kwatakabva Mitunhu cha 2012 sichinalandiridwe ndi moto wa zimbale zam'mbuyo, ndipo mu 2013 ena mwa oimba ndi ovina odziwika a gulu lake anachoka n'kuyambitsa gulu la Extra Kwazvose. Mutu ukakula sulewa nkhonya: nyuzipepala zinayamba kufunsa ngati nthawi ya Macheso yatha.

Panadutsa zaka zoposa zitatu popanda chimbale china. M'nyengo imeneyi nyimbo zosatulutsidwa ndi zimene zinasunga ubale wake ndi anthu. Opita ku zoimbaimba ankazimva, ankazikambirana, ndipo ankafunsa kuti zituluka liti. Pamene Tsoka Dzerwendo inatuluka mu Malichi 2016, CD yake inagulitsidwa pa dola imodzi ya ku America, mtengo wofanana ndi wa okopera mozemba, ndipo bungwe la Zimbabwe Red Cross Society, limene Macheso anali kazembe wake, linathandiza kuifalitsa. Nzeru yake inali yakuti munthu wosauka asakhale ndi chifukwa chogulira yabodza.

Chifukwa chake nyimbo imodzi inagawa anthu

M'zaka zomwezo kunadzuka chamba cha Zimdancehall, cha achinyamata a m'makomboni a mumzinda monga Mbare. Oimba monga Winky D, Soul Jah Love ndi Killer T anakopa achinyamata, kuphatikizapo a m'mafamu. Kachitidwe ka chambachi n'kosiyana kotheratu ndi ka sungura. Nyimbo ndi zazifupi, zimajambulidwa msanga pa kompyuta, zimatuluka imodziimodzi, ndipo zimafalitsidwa pa foni mwadala. Palibe gulu la anthu khumi ndi angapo loti lilipidwe, palibe zaka zodikira.

Choncho Zuro Ndizuro itatuluka, mkangano sunali pa kukoma kwa nyimboyo pakokha. Amene anaikonda anali ndi mfundo yomveka. Boma linaletsa misonkhano kuyambira mu Malichi 2020, ndipo gulu limene limadalira zolipira pakhomo linalibe kopezera ndalama. Chimbale chapitacho, Dzinosvitsa Kure, chinali cha 2018. Woimba amene wangokhala chete pa nthawi imene achinyamata akutulutsa nyimbo sabata ndi sabata akhoza kuiwalika. Nyimbo imodzi inali njira yonenera kuti ndilipo.

Amene sanakhutire nawonso sanali ongovuta. Kwa iwo chimbale cha sungura ndi ulendo wa ola lathunthu, wokhala ndi nyimbo ya malangizo, ya chisoni, ya pemphero ndi ya gule, ndipo munthu amasankhamo yakeyake. Nyimbo imodzi siipereka mwayi wosankha. Ikakhala kuti sinakufike pamtima, palibe ina yoti utembenukireko. Chachikulu koposa n'chakuti nyimboyi inafika pa nthawi imene kunalibe bwalo. Anthu anaimvera pa wailesi kapena pa foni, aliyense payekha, popanda ovina kutsogolo, popanda khamu loti liisonyeze pamene ikukoma. Oweruza a nthawi zonse, amene ankapereka chigamulo ndi miyendo ku Shamva kapena ku Chegutu, analibe khoti. Chigamulo chinasamukira pa Facebook ndi YouTube, kumene olankhula kwambiri ndi a mumzinda ndi okhala kunja kwa dziko, amene angakwanitse kugula intaneti. Maganizo a munthu wa ku komboni sanamveke kwenikweni m'mkanganowo.

Apa pali chinthu chimene olemba za nyimbo amachiphonya kawirikawiri. Poyeza mmene anthu ailandirira nyimbo, amawerenga ndemanga za pa intaneti ndi chiwerengero cha oonera. Koma sungura yakhala ikuyezedwa ndi miyeso ina: mmene minibasi za ku Bindura zikuibwerezera, mmene ikumvekera m'magolosale a pa mphambano, ndi ngati anthu akuipempha pa ukwati. Nyimbo ikhoza kunyozedwa pa intaneti sabata yoyamba, n'kudzakhala yokondedwa patapita miyezi itatu chifukwa anthu aiona ikuvinidwa. Okonda chambachi amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambiri a iwo sapereka chigamulo asanaione nyimbo pa bwalo.

Ziletso zitachepa, Macheso anabwerera ku njira yakale. Chimbale cha Tinosvitswa Nashe chinakhazikitsidwa mu Juni 2022 pa bwalo la Aquatic Complex ku Chitungwiza, tauni imene gulu lake lakhala likuitenga ngati kwawo, ndipo Kupa Kuturika inatsatira mu Ogasiti 2024 ku Harare. Zonse ziwiri zinali zimbale zathunthu za nyimbo zazitali, ndipo zonse zinaperekedwa kwa anthu pamaso, usiku, gulu lonse lili pa nsanja. M'madera a mafamu, kumene ambiri mwa antchito akale tsopano amagwira maganyu kwa alimi atsopano a fodya kapena kukumba golide m'mapiri a ku Mazowe ndi Shamva, zikwangwani zolengeza zoimbaimba zinayambanso kuoneka pa mitengo ndi pa makoma a magolosale, ndipo mafoni anayambanso kukwezedwa m'mwamba nthawi iliyonse gulu likaponya nyimbo imene anthu sanaimvepo.